Makadi a pa Layino ndi Bodza la a Mabalane

Khadi lanu ndalandira, ana inu, zikomo. Chimbalangondo chovala chipewa, ndi mawu achizungu olembedwa ndi munthu wa ku fakitale amene sanandionepo. Inu mwangosaina m'munsi ngati mukulandira katundu. Musakwinye nkhope, ndathokoza ndithu. Koma poti mwandiputa ndi khadi, khalani pansi. Iwe Tendai, zula tizingwe ito m'makutu. Chipo, foniyo siithawa.

Ine makadi ndinkapanga ndi manja awa, amene lero akulephera kutsegula botolo la mankhwala. Anali masiku a Chitaganya, pamene azungu anamanga Nyasalande ndi maiko awiri a Rodeshiya mtolo umodzi osatifunsa. Ndinachoka ku Dedza ndili namwali, pa lole, ndi amalume anga, mpaka pa pulazi ya fodya kuseri kwa Mvurwi. Amalumewo sanakhalitse. Anamva kuti ku migodi ya Mutorashanga ndalama zimachita kutola, anapita, ndipo sanamvekenso. Ndinatsala ndekha m'komboni, m'tinyumba ta antchito tija, wopanda mbale woti n'kundiyankhulira.

Pamenepo ndi pamene anandiona agogo anu aamuna, a Faniwelo. Inu mumawadziwa pa chithunzi chija, tayi ili pakhosi. Tayiyo sinali ya chithunzi chokha, ankapita nayo ngakhale kuchimbudzi. Anali mabalane wa pa pulazi, ndiye kuti kalaliki, munthu yekhayo wakuda wogwira cholembera, ndipo komboni yonse inkangowatchula a Mabalane. Anali ndi nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, njinga ya belu, ndi Chingerezi chimene ankalankhula ngakhale kwa nkhuku. Ndinawakonda, ndisakunamizeni. Ndinawakonda ngati wopenga.

Ndinalowa m'nyumba mwawo popanda ankhoswe, popanda tchalitchi. Ukwati wotero Ashona amautcha wa mapoto: iwe kuphika, iye kudya, tsiku limene watopa nawe umatenga miphika yako n'kumapita. Ine sindinkafuna zimenezo. Ndinkafuna ankhoswe akhale pansi, ndivale velo, mwana amene ndidzabereke asadzatchedwe mwana wa mapoto. Ndikafunsa, yankho linali limodzi.

"Tidikire fodya agulitsidwe, Esinala. Zinthu zimafuna pulogalamu."

Fodya anagulitsidwa katatu, pulogalamu osaoneka.

Ntchito yanga inali kusita zovala kunyumba kwa dona, mkazi wa bwana, ndi simbi ya makala. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, komboni yonse ili chiweramire kuwokera fodya, dona ankayamba misala yake yopanga makadi a Khirisimasi otumiza kwawo ku Mangalande. Ankadinda ndi layino. Inu a matailosi simungamudziwe layino. Chinali chinthu ngati chikopa chokhuthala, choyala pansi m'khitchini ya azungu. Umadulako kachidutswa, kujambulapo chithunzi, kenaka n'kusema ndi timipeni tokhala ndi kamwa ngati ngalande. Pamene wasema pamatsala poyera, pamene wasiya ndi pamene pamagwira inki. Ukapaka inkiyo umaika khadi pamwamba, kupukuta ndi kumbuyo kwa supuni, n'kusenda pang'onopang'ono. Chithunzi chimatuluka chotembenuka, kumanja kuli kumanzere.

Dzanja la dona linali lolozera antchito, osati logwira mpeni. Tsiku lina anasema mawu ake mowongoka bwinobwino, atadinda anatuluka chobwerera m'mbuyo. Anakalipira khukhi ngati ndi iye wawatembenuza. Atayambanso, mpeni unaterereka n'kulowa m'chala chachikulu. Ine kuseka kunandipulumuka.

"Poti ukuseka, tayesa iwe!" anatero m'chilankhulo chawo chija cha kukhitchini, n'kundiponyera mpeni.

Sanadziwe kuti azakhali anga ku Dedza anali oumba mbiya, ndipo ine ndinakula ndikulemba mizere pa dongo laliwisi. Ndinaona kuti layino akawothera dzuwa amafewa, ndiye ndinamuika pa khonde kaye. Ndinasema nkhanga, ndi madontho ake onse. Itatuluka pa khadi, dona anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga pensulo n'kulemba dzina lake pakona ya khadi lililonse. Wailesi masiku amenewo inkalalikira kuti m'Chitaganya mzungu ndi munthu wakuda ndi abwenzi ogwirira ntchito limodzi. Ine ubwenziwo ndinauona ndi maso anga: ine kusema, dona kusaina.

Khadi limodzi lodetsedwa pakona ndinapita nalo kukomboni. Bambo wina wa ku Ntcheu wogwira ntchito yosonkhezera moto m'mabani owotchera fodya analiona, nkhope yake inasintha. Anati nkhanga zotere zimadya m'munda mwa amayi ake, ndipo anandipempha kuti ndimugulitse atumize kumudzi. Muyenera kudziwa kuti komboni inadzaza ndi matchona, amuna amene anachoka kwawo kalekale osabwerera. Ambiri sankadziwa kulemba, ndipo odziwawo ankachita manyazi kutumiza kalata yopanda ndalama. Koma chithunzi chinalibe manyazi. Sabata isanathe anthu asanu ndi atatu anali atandifunsa.

Zipangizo sizinandivute. Zidutswa za layino ndinkatola dona akataya. Timipeni ndinapanga ndi nthiti za ambulera yakutha, zija zachitsulo zokhala ndi ngalande kale, ndikungonola pamwala n'kuzika m'kamtengo. Inki inali yodindira mabelo a fodya, ndikuithira mwaye wa nyali kuti ide bwino. Chopakira chinali botolo lovekedwa chubu cha njinga, ndipo chubucho a Mabalane anachifunafuna mwezi wathunthu.

Chimene chinandizunza ndi makadi opanda kanthu odindapo. A dona ankachokera ku Halale m'kabokosi, oyera ngati mano a mwana, ndipo ankawawerenga m'mawa ndi madzulo. Mtengo wake sunali wa munthu wosita zovala. Ndinayesa mabokosi a ndudu, koma anali aang'ono ndiponso oterera, inki osagwira. Ndinayesa mabokosi a chakudya cha m'mawa cha azungu. Amenewo ankamwa inki ngati chidakwa, nkhanga n'kutuluka ngati nkhuku yovumbwa. Ndinapeza timakatoni toika m'kati mwa malaya atsopano ku sitolo ya pa pulazi, tabwino kwabasi. Mwini sitolo ankatitaya kuseri, koma atandiona kachitatu ndikutola anayamba kutigulitsa. Zinyalala zikapeza wozifuna zimasanduka katundu, ana inu.

Chipulumutso chinali kuseri kwa shedi yosankhira fodya. Kunali mabokosi a matikiti omangirira pa mabelo, odindidwa dzina la mzungu amene anali mwini pulaziyo kale. Bwana watsopano analamula kuti awotchedwe, koma wowotchayo anali mmodzi wa ofuna makadi anga, ndiye motowo unachedwa kuyaka. Tikiti iliyonse inali ndi zolemba mbali imodzi, mbali ina yoyera. Ndinkamata awiriawiri, zolemba kuyang'anizana m'kati, ndi phala la ufa wa chinangwa. Ndinkathiramo madzi a fodya pang'ono kuti mphemvu zisadye. Ndikawapanikiza pakati pa matabwa n'kuikapo mwala, m'mawa ankatuluka olimba, oyera mbali zonse. Maenvelopu ndinkapinda ndi mapepala a matumba a shuga. Khadi ndi envelopu yake, tiki imodzi, kandalama ka makobiri atatu.

Amunawo anafunanso mawu pamwamba pa chithunzi, ndipo ine sukulu sindinaipondeko. Apa ndi pamene a Mabalane anathandiza, akudzitukumula. Ankalemba mawuwo pa pepala lopyapyala ndi pensulo yakuda, zilembo zazikuluzikulu. Ine ndinkaliika chafufumimba pa layino n'kulipukuta, zilembo n'kutsala pamenepo zotembenuka, kenaka n'kusema mozungulira chilichonse. Mawu ake anali atatu basi: KWA MAYI WANGA, KWA MKAZI WANGA, ndi KWA MNZANGA. Layino wakale sachedwa kuphwanyika, choncho mawu omwewo ndinkawasema mobwerezabwereza. La mkazi ndilo linkatha msanga, poti amuna amene anali ndi milandu kumudzi anali ambiri.

Khirisimasi yachitatu ya malondawa inandipeza ndili ndi pakati pa miyezi isanu. M'mimbamo munali Rute, mayi ako iwe Tendai. Ndinawauzanso a Mabalane za ankhoswe, anandiuzanso za fodya. Masiku omwewo munthu wa kwawo ku Ntcheu anadutsa pa pulazi akubwerera kumudzi, anagona kwathu, anadya chakudya changa akundiyang'ana m'mimba. Atangochoka, agogo anu anayamba kusowa mtendere.

Lamlungu masana anabwera ndi pepala m'manja.

"Esinala, ndikufuna khadi lapadera. Osati nkhanga zako zija za anthu a m'mabani. Useme nyumba ya njerwa ndi njinga patsogolo. Likupita kwa mlongo wanga ku Ntcheu."

"Muli ndi mlongo? Simunanditchulirepo."

"Sizonse zimene mwamuna amatchula. Mawu ndi awa: kwa mlongo wanga wokondedwa."

Ndinayang'ana pepalalo, sindinaonepo kanthu. Zilembo zowongoka kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Iwo anakwera njinga kupita ku bawo. Ine ndinaika pepalalo chafufumimba pa layino, ndinapukuta, ndinasenda.

Ana inu, liwu lachiwiri ndinalidziwa mpeni usanalikhudze. Chilembo cha mapiri awiri, china chotambasula mwendo, cha denga la nkhokwe, cha njoka yothyoka kawiri, ndi kamtengo koima kokha kumapeto. Liwu limenelo ndinali nditalisema kambirimbiri, dzanja langa linkadziwa pokhota paliponse. Ndinatenga chidindo chakale cha amuna a m'mabani n'kuchiika pambali pake. Zinali chimodzimodzi. Panalibe mlongo pamenepo, panali MKAZI.

Munthu wophunzira uja anaganiza kuti wosadziwa kuwerenga ndi wakhungu. Anaiwala kuti ine ndinkawerenga chobwerera, ndipo ndi iye mwini anandiphunzitsa.

Ndinalira, musaganize kuti ndinali mwala. Ndinakhala pakhomo paja mimba ili patsogolo, ndikudziwa tsopano chifukwa chake fodya ankagulitsidwa chaka ndi chaka ankhoswe osabwera. Velo linali litavalidwa kale ndi wina. Ndinaganiza zoswa mbale zonse, ndinaganiza zowadikira ndi mpeni wa ambulera. Koma ndikanakuwa, akanandiuza kuti iwe sudziwa kuwerenga, ndipo komboni yonse ikanakhulupirira tayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinawasemera khadi lawo, nyumba ya njerwa, njinga, belu ndi lonse. Analiyamikira m'Chingerezi. Analemba kalata yawo, anaikamo pepala la ndalama, analemba keyala pa envelopu. Koma inki ya mabelo imatenga masiku awiri kuti iume, ndipo phala lomatira limadetsa zala za kalaliki.

"Likauma uikemo, umate, upatse dalaivala wa lole akaponye ku Mvurwi," anatero.

M'masiku awiri amenewo, iwo ali ku ofesi, ndinasema chithunzi changa: mkazi woima pambali pa mphika, mimba yake yaikulu yosabisika. Kulemba sindinkadziwa, koma mawu osemasema ndinali nawo m'dengu. Ndinadula KWA MKAZI pa chidindo chimodzi, ndinadula MNZANGA pa china, n'kuzilumikiza pa thabwa. KWA MKAZI MNZANGA. Inu obadwira kuno mwina simukumva kulemera kwake. Kwathu mawu amenewo amatchulana akazi awiri okwatiwa ndi mwamuna mmodzi.

Kalata yawo ndi ndalama zawo sindinakhudze, sindine wakuba. Ndinangochotsa nyumba ya njerwa n'kuikamo mkazi wa pakati. Ndinamata bwinobwino.

Kenaka kudikira. Mantha amene ndinali nawo miyezi imeneyo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Ndinkadziwa kuti mkaziyo akabwera ndi mtchato wake, ukwati wa kutchalitchi uja, ine ndidzatuluka ndi miphika yanga ndi khanda kumsana, wopanda kolowera. Fodya anathyoledwa, anawotchedwa, Rute anabadwa. Yankho osabwera, ndipo a Mabalane anayambanso kuimba mluzu.

Anafika mwezi wa chisanu, Loweruka masana, atakwera pamwamba pa matumba a ufa pa lole ya pa pulazi. Mkazi wamtali, wowonda, duku lakuda, kamtolo kamodzi. Pa mpope anaonetsa amayi khadi n'kufunsa kuti wadinda ichi ndani. Panalibe wosadziwa dzanja langa. Pamene ankafika pakhomo pathu, theka la komboni linali kumbuyo kwake, ena atanyamula ndowa zopanda madzi.

"Odi. Ndine Nangozo, wa ku Ntcheu. Ndinu munanditumizira ichi?"

"Ndine, amayi," ndinayankha ndikugwada.

"Mimba ija ndi iyi?" anafunsa akuloza khanda limene linali m'manja mwanga.

"Ndi iyi."

A Mabalane anatulukira akukankha njinga. Atawaona a Nangozo, belu linalira lokha m'manja mwawo. Anayamba Chingerezi, anachisiya. Anayamba Chishona, anachisiyanso. Kenaka, pamaso pa anthu onse aja, ananena mawu amene ndinakhala ndikuwaopa zaka zonsezo.

"Nangozo, usamvere za anthu. Mkazi wanga ndiwe. Uyu ndi wa mapoto chabe, wondiphikira."

Rute anali pa bere langa pamene ankanena zimenezo. Mawuwo anandipweteka kuposa kubereka.

A Nangozo sanakweze mawu. "Zaka zisanu ndi ziwiri, abambo. Kalata yanu inati muli nokhanokha kuno, mukugona ndi njala pofuna kundisungira ndalama. Khadi linanena zina. Ndinakhulupirira khadi. Bodza limathamanga ndi cholembera. Munthu sangakhale tsiku lonse akusema chilembo chimodzichimodzi kuti aname."

"Iyeyu sadziwa n'kuwerenga komwe!"

"Ndiye mwagwidwa ndi wosadziwa kuwerenga."

Komboni inaseka mpaka agalu anauwa. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, a Mabalane. Koma a Nangozo sanaseke nawo.

"Mwana munamusiya m'mimba uja tinamuika ali ndi zaka zitatu," anatero. "Tinalemba kalata ku pulazi imene munatiuza, inabwerera. Simunafunse za iye ngakhale m'kalata yanu iyi."

Kuseka kunatha. Agogo anu anayang'ana pansi, tayi ili lendee.

Pamenepo a Nangozo anatambasula manja kwa ine. Ndinaganiza zokana, koma ndinawapatsa mwanayo. Anamuyang'ana nkhope, makutu, zala.

"Makutu ndi a bambo wake," anatero. "Uyu si mwana wa mapoto. Mawa muitane folomani ndi akuluakulu a kwathu amene ali pano, akhale ankhoswe. Mtsikanayu alibe mbale, mbale wake ndikhala ine. Mukakana, ndikwera lole yomweyi kukauza abusa kumudzi kuti nkhosa yawo ija ikudya msipu uti."

Ankhoswe amene analephera kubwera zaka zonse zija anakhala pansi tsiku limodzi.

Musaganize kuti ndinapambana zonse. Velo sindinavale, ndipo sindidzavalanso. Mpingo unati ndine mkazi wachiwiri, unandichotsa pa mgonero, ndinakhala kumbuyo kwa tchalitchi zaka zambiri ndikuonerera anzanga akudya mkate. Zimenezo zinkandiwawa Lamlungu lililonse. Koma palibe amene anamutchanso Rute dzina lija.

A Nangozo sanabwerere ku Ntcheu, munda anasiyira mchimwene wawo. Nyumba ija inali ya zipinda ziwiri: chimodzi ife awiri ndi ana ndi makadi, china agogo anu ndi tayi yawo. Inde, ndinawaberekera ana ena awiri, musandiyang'ane choncho, mtima si layino woti ungaudule mowongoka. A Nangozo anali ataphunzira ku mishoni, ndiye mawu a pa makadi anayamba kulemba ndi iwo, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga kuchokera kumanzere ngati anthu ena onse. Ankamata matikiti, ine ndikusema. Tinakanganapo za mchere, za sopo, za ana, koma sanandinamize ngakhale tsiku limodzi. Ndi amene makolo anu ankawatchula mayi aakulu, ndipo inu munkaganiza kuti ndi achemwali anga obadwa nawo bere limodzi. Sindinakuwongoleni, chifukwa simunalakwitse kwenikweni.

Tsono mverani, poti ndi inu mudzanyamule bokosi langa. Kumanda a pa pulazi paja, agogo anu aamuna ali pansi pa mtengo wa bulugamu, ndipo ana anga anasiya malo pambali pawo kuti ndi anga. Malo amenewo mudzabzalepo maluwa. Ine mudzandiike kumtunda kuja, pafupi ndi a Nangozo, mkazi mnzanga. A Mabalane agone okha. Kuwerenga amadziwa, aziwerenga mitanda ya anzawo.